Ofufuza a ku yunivesite akafika m'mudzi mwanu

Anzanga a m'makomiti a chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndi oona za usodzi pagombe (BVC) kuno ku chigwa cha Chilwa, galimoto ya ku yunivesite ikaima pabwalo la amfumu musamathamangire kufunsa za alawansi. Yambani mwafunsa kuti abwera ndi akatswiri a chiyani, ndipo asiya ndani.

Ndikutero chifukwa mavuto a nyanja yathu ndi olukanalukana. Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, mbali yaikulu n'kuumanso mu 2018. Ikaphwa, matemba ndi makumba amasowa, msodzi wa ku Kachulu uja n'kukwera phiri kukaotcha makala. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi kulowa mu Likangala ndi Domasi, nyanja n'kumakwiririka. Madzi akabwerera, asodzi okhala pa zimbowera, timisasa toyandama panyanja, amamwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo, kolera n'kubuka. Katswiri wa nsomba akabwera yekha, iye aona matemba basi.

Ndiye muwauze abwere ndi wa nkhalango, wa zaumoyo, ndi wina wodziwa za malonda. Si zachilendo ayi. Pa pulogalamu ya Lake Chilwa Basin Climate Change Adaptation yomwe idayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway, bungwe la LEAD la ku Chancellor College lidagwirizana ndi bungwe lofufuza za nsomba la WorldFish komanso lofufuza za nkhalango la FRIM m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa omwe adalimbikitsa amaonetsa bwino phindu lake: nsomba zimauma popanda fumbi ndi ntchentche, nkhuni zowambira zimapulumuka, mayi wogulitsa amatchula mtengo wabwinoko pamsika.

Tsiku la msonkhano lisanafike, komiti ikhale pansi isankhe funso lake. Musanene kuti "vuto lathu ndi umphawi", zimenezo adazimva kale. Nenani chinthu chogwirika, monga chifukwa chimene likodzo silikuthera mwa ana a pasukulu yanu chikhalirecho amamwa mankhwala. Funso lotere limakakamiza dokotala, wodziwa za nkhono za m'madzi zimene zimafalitsa likodzo ndi wodziwa za ulimi wa mpunga kukhala pa mphasa imodzi. Amayi akambirane paokha kaye. Pamaso pa amfumu ndi azibambo ambiri amangovomera ndi mutu, chonsecho ndi iwo amatunga madzi ndi kuwamba nsomba.

Apempheni akuonetseni kalata ya kwa DC ndi chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, kaya ya yunivesite yawo kaya ya NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi kafukufuku. Aliyense ali ndi ufulu wokana kuyankha.

Kenaka kambani za ntchito. Anyamata ndi atsikana a MSCE ali mbwee m'midzimu. Awaphunzitse kuyeza mvula ndi kulemba pamene madzi afika, buku lake lizikhala kwa mlembi wa komiti. Agogo amene adaona nyanja itauma mu 1968 awafunse mofatsa, amadziwa madambo amene amatsala ndi madzi, momwe mlamba umabisala.

Pamene timaluza kwambiri ndi pa zotsatira. Ena amatenga mayankho, kukalemba digiri, osadzaonekanso. Mugwirizane polemba mwezi umene adzabwere kudzafotokoza zimene apeza, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilhomwe, ndipo ngati n'kotheka azikambenso pa Chanco Community Radio. Kope limodzi lipite ku komiti ya chitukuko ya dera lanu (ADC) kuti zilowe m'mapulani a chitukuko a boma lanu; popanda zimenezo khonsolo sidzaikapo ndalama.

Akamakusiyirani chipangizo, funsani za kakonzedwe kake chikawonongeka iwo asanachoke. Pulasitiki ya tenti imang'ambika ndi mphepo ndi dzuwa. Afotokoze komwe imagulidwa ndi mtengo wake, mmisiri wa m'mudzi aphunzire kuikonza iwo akadalipo, ndipo gulu liyambe kusonkha kangachepe pa beseni lililonse la matemba loumitsidwamo.