Momwe mungabwezere malo pa disiki database ikafufuma

Ambiri amaganiza kuti ukafufuta zinthu mu database malo amabwerera pompo. Ayi ndithu. Ine ndimayang'anira kompyuta ya loji ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, timagwiritsa database ya PostgreSQL, tinafufuta ma booking akale a zaka zisanu koma disiki osatsika olo pang'ono. Nkhani yake ndi yoti ukachita DELETE kapena UPDATE mzere wakale suchoka, umangokhala pomwepo wakufa, amati ma dead tuples, poti mwina wina akuuwerengabe. Zili ngati chipinda choti mlendo watuluka koma sichinasesedwe, simungalowetsemo wina.

Yambani ndi backup, lamulo lake ndi pg_dump, musanakhudze kalikonse. Ndipo chonde osaika pa flash yotchipa ya mavenda ija yolembedwa 128GB, ine ndinagulapo imodzi mkati munali 8GB basi mafayilo kumangosowa. Bola kuwawa mtima mugule external yeniyeni ngakhale mitengo yake ikungokwera ndi dola.

Kenako onani table yomwe yadzadza zakufa:

SELECT relname, n_dead_tup FROM pg_stat_user_tables ORDER BY n_dead_tup DESC;

Yomwe ili pamwamba muipange VACUUM ANALYZE, kenako mulembe dzina la table. Iyi ilibe vuto, a ku reception amapitiriza ntchito. Koma dziwani kuti imangosesa chipinda kuti data yatsopano ilowemo, fayilo yake siichepa kwenikweni.

Yobweza malo ku disiki ndi VACUUM FULL, ndipo apa ndi pomwe ndinapsa. Iyi imalemba table yonse mwatsopano pambali, yakale imachotsedwa pomaliza, ndiye pamafunika malo ena okwanira table yatsopanoyo ndi ma index ake omwe (mindandanda yothandiza kupeza data msanga). Ine disiki inali itatsala pang'ono kudzadza, ndinangoiyambitsa Lachisanu masana osawerengera. Table inakhomedwa yonse, chifukwa VACUUM FULL siilola ngakhale kuwerenga, alendo ochokera ku Blantyre ataima pa kauntala ndi zikwama kutentha kuli kwa Okutobala kuja, mtsikana wa pa reception kundiimbira "achimwene chikuchitika n'chani", ine thukuta kamukamu. Patapita nthawi yaitali inagwa yokha, No space left on device. Data siinaonongeke, imangobwerera pomwe inali, koma tsiku limenelo tinalembera alendo m'kope. Ndiye yesani kaye kukula kwa table ndi pg_total_relation_size, muone malo otsala ndi df -h, samutsani ma log ndi ma backup akale ngati pakuchepa, muyambe ndi ma table ang'onoang'ono kuti apereke malo. Chitani usiku, UPS ili yotchaja, magetsi akwathu mukuwadziwa.

Zotsalazi n'zachidule. Autovacuum, yomwe ndi VACUUM yodziyendera yokha, musaizimitse, imadzuka yokha zakufa zikapyola 20 peresenti ya table, pa table yaikulu tsitsani nambalayo. Ngati n_dead_tup sikutsika onani mu pg_stat_activity, mwina pali wina wayamba ntchito mu database n'kuisiya osaimaliza, amati idle in transaction, mutsekeni. Ma index akatupa, apangeni REINDEX, imawamanga mwatsopano.