Mmene mungadziwire kuti denga la shopu yanu likufunika mmisiri

Kuno ku Dedza mvula yoyamba imabwera ndi chimphepo, ndiye ngati muli ndi shopu kaya nyumba yalendi pa boma, pa Chimbiya kapena ku Linthipe, yenderani denga mu Okutobala, osadikira mpaka matumba a feteleza ndi shuga anyowe.

Choyamba lowani mkati dzuwa lili paliwombo, tsekani zitseko ndi mawindo onse muyang'ane kumwamba. Pomwe pakulowa kuwala, olo kabowo kakhale ngati ka singano, ikanipo chizindikiro ndi choko. Ngati muli siling'i yang'anani madontho achikasu ndi pomwe bodi yafufuma, koma dziwani kuti madzi amayenda kaye motsatira phaso asanagwe, ndiye bowo lenileni limakhala chakumtunda, osati pa dontho pomwepo ayi. Dontho likakhala pafupi ndi mawaya a magetsi, zimitsani pa meni switchi muitane wamagetsi tsiku lomwelo.

Kenako mapulanga, ndipo apa mpomwe ambiri timapusitsika. Phaso limaoneka bwinobwino kunjaku pomwe mkati chiswe chinamaliza kalekale. Tengani msomali wa 4 inchi mubaye, ukalowa ngati mukubaya mbatata yophika, basi thabwalo latha ntchito, ndipo msomali wa lata sungagwirenso pamenepo olo mmisiri akhome atatu. Onaninso mawaya omwe amamangirira denga kukhoma, akaduka kapena kudyeka ndi dzimbiri ndi aja mumamva kuti denga lonse lasasuka nkukagwera kuseri kwa msika.

Pamwamba kwerani kukacha mame atauma, muzipondanso mu mzere wa misomali basi. Misomali yodzuka, tizipewa take tothothoka, dzimbiri pomwe malata alumikizana, ndi lata lapamsonga paja lopindika, zonsezi nzofunika kukonza. Lata lomwe limalira phwaa phwaa kukawomba mphepo usiku ndiye kuti lamasuka kale. Masamba a paini ndi bulugama achotseni mmagatala.

China, mu Juni ndi Julaye ndi kuzizira kwathu kuno malata amachita thukuta mkati nkumadontha mmamawa, kumeneko sikuthonya, musagule malata atsopano chifukwa cha zimenezo.

Ngati nyumbayo ndi yalendi jambulani zonse pa foni muwatumizire alandilodi pa WhatsApp, mugwirizane msanga kuti ndalama ya kalipentala ichoka kwa ndani.