Kufulula mowa wa m'chitini koyamba kuno ku Kasungu

Amene tinakulira m'midzi ya ku Kasungu timaudziwa mowa wa masese kuyambira pa chimera chake. Tinaona amayi akunyika mawere kapena chimanga, akufunditsa kufikira zitamera, akuyanika, akusinja, kenako moto n'kumayaka pansi pa migolo kwa masiku angapo. Mowa umene ndikufotokoza pano ndi wamtundu wina, wosefeka ndi wathovu ngati wa m'mabotolo ogula, ndipo umachokera m'chitini chimene ogulitsa amachitcha kit. M'chitinimo muli madzi a chimera cha balere amene anaphikidwa kale ku fakitale pamodzi ndi hops, maluwa a chomera chimene chimapatsa mowa kuwawa ndi fungo lake, ndipo anawaumitsa mpaka kukhala onata ngati uchi. Pansi pa chivindikiro chake pamakhala kapaketi ka yisiti. Ntchito yolemetsa ya chimera ndi nkhuni inatha kale, koma yotsalayo imafuna kuti munthu asiye zina mwa zimene anazolowera pa masese.

Masese amamwedwa akali kuwira, ali pambalambanda m'mbiya kapena mumgolo, ndipo kusasa pang'ono ndiko kukoma kwake. Kusasako kumadza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'chimera, m'ziwiya ndi mumpweya. Mowa wa m'chitini sufuna tizilombo tina tonse koma yisiti wa m'kapaketi yekha. Nzeru imeneyi si yatsopano: m'chaka cha 1883, Emil Christian Hansen, akugwira ntchito ku labotale ya Carlsberg mumzinda wa Copenhagen, anakwanitsa kupatula mtundu umodzi wa yisiti ndi kuulera pawokha, ndipo kuyambira pamenepo mafakitale anayamba kutulutsa mowa wofanana kukoma nthawi zonse. Kampani yomweyo ndi imene inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968. Zonse zimene ndilembe m'munsimu cholinga chake n'chimodzi, kuti yisiti wanu agwire ntchito yekha, pamalo ozizira, kufikira atamaliza.

Zitini zimenezi ine sindinazionepo m'magolosale a pa boma pano, choncho ndimatuma abale obwera kuchokera ku Johannesburg. Chodziwika kwambiri ndi cha Coopers ya ku Australia, cholemera makilogalamu 1.7, chimene chimatulutsa malita 23 mukawonjezera kilogalamu imodzi ya shuga. Poyamba sankhani mowa wa mtundu wa ale, chifukwa yisiti wake amalola kutentha kwa m'nyumba zathu, pamene yisiti weniweni wa lager amafuna madigiri 10 mpaka 12, kuzizira kumene simungakusunge kwa masabata popanda firiji. Muuzeni wokugulirayo ayang'ane tsiku lotha ntchito, ndipo ngati n'kotheka agulenso kapaketi kena ka yisiti wa mowa, popeza ulendo wa masiku angapo m'basi yotentha umafooketsa yisiti. Yisiti wa buledi amawiritsa ndithu, koma mowa wake umanunkha mkate ndipo sudikha bwino.

Chofululiramo chikhale ndowa yapulasitiki yatsopano ya malita 30, yopangidwira zakudya, yokhala ndi chivindikiro chothina. Pano ndikuchenjezani mwamphamvu, chifukwa m'dera la fodya ngati lathu zigubu zopanda kanthu zili ponseponse: chigubu chimene munali mankhwala opopera fodya, mankhwala ophera udzu, penti kapena mafuta a galimoto musachigwiritse ntchito, ngakhale mutachitsuka kangati, pakuti pulasitiki amasunga mankhwalawo m'thupi mwake. Pachivindikiro boolani kabowo koikapo airlock, kapulasitiki kopindika kothiramo madzi pang'ono, kamene kamalola mpweya wa mowa kutuluka koma wakunja osalowa. Ngati mulibe, lowetsani pakabowopo kapayipi koonekera mkati, matani bwino m'mbali mwake, ndipo kumapeto kwake kuviikeni m'botolo la madzi. Mufunikanso supuni yaitali yachitsulo chosachita dzimbiri, payipi yosamutsira mowa, choyezera kutentha, ndi hydrometer, kagalasi koyandama kamene kamasonyeza kuchuluka kwa shuga wotsala. Mthiko wamtengo usiyeni kukhitchini, chifukwa ming'alu yake imabisa tizilombo timene sitifa ndi kutsuka wamba.

Kutsuka kuli pawiri, ndipo oyamba kumene ambiri amaimira pa gawo loyamba. Kuchotsa litsiro looneka ndi sopo wosanunkhira ndi kansalu kofewa ndilo gawo loyambalo. Musakwechese ndowa ndi mchenga, phulusa kapena waya wotsukira mapoto monga tichitira ndi miphika, popeza mikwingwirima imene imatsala ndiyo nyumba ya tizilombo. Gawo lachiwiri ndi kupha tizilombo tosaonekato. Thirani supuni yaikulu imodzi ya Jik wosanunkhiritsidwa m'malita 4 alionse a madzi ozizira, viikanimo zonse zimene zidzakhudze mowa kwa mphindi 20, kenako tsukuluzani kawiri kapena katatu ndi madzi owiritsa. Kutsukuluzako musakupeputse, chifukwa Jik wotsalira akakumana ndi mowa amabala fungo longa la mankhwala a kuchipatala limene silichokanso. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira.

Madzi amene mumamwa popanda kudandaula ndiwo oyenera. A pampopi amakhala ndi kolorini, choncho atungeni dzulo lake, agone usiku m'ndowa yoyera yophimbidwa ndi nsalu, kapena muwawiritse ndi kuwaziziritsa. A pamjigo amene amamveka mchere kapena dzimbiri pakamwa adzapereka kukoma komweko ku mowa, ndipo a pachitsime chosatetezedwa ayenera kuwiritsidwa onse.

Tsiku lofulula, chotsani kapaketi ka yisiti, ndipo chitinicho muchiimike m'madzi otentha kwa mphindi 10 kuti zamkatimo zisungunuke. Khuthulirani m'ndowa, tsukuluzani chitini ndi madzi otentha kuti pasatayike kanthu, thiranimo malita 2 a madzi owira ndi kilogalamu ya shuga, ndipo takasani kufikira zonse zitasungunuka. Shuga woyera wa m'sitolo amagwira ntchito, ngakhale kuti mowa wake umakhala wopepuka pakamwa. Mukadzapeza ufa wa chimera wouma umene amagulitsa pamodzi ndi zitinizi, m'malo mwa theka la shugayo mudzathire ufawo, ndipo mudzamva kusiyana. Musawonjezere shuga kupyola muyezo pofuna ukali, pakuti chimatuluka ndi chakumwa chopyapyala chowawa mutu. Dzazani madzi ozizira mpaka pa malita 23, mukuthira kuchokera m'mwamba ndi kutakasa mwamphamvu kuti mpweya ulowe, chifukwa pa ola limeneli lokha yisiti amaufuna kuti achulukane. Yezani kutentha, ndipo ngati kwaposa madigiri 24 phimbani ndowa mudikire. Tapani pang'ono muyeze ndi hydrometer, imene kawirikawiri imaima pafupi ndi 1.040, lembani nambalayo m'kope pamodzi ndi tsiku, wazani yisiti pamwamba, ndipo tsekani.

Apa ndi pamene Kasungu amasiyana ndi maiko amene malangizo a pachitini analembedwera. Yisiti wa ale amagwira ntchito bwino pa madigiri 18 mpaka 22, ndipo pamene akuwira amadzitenthetsa yekha, kotero kuti mkati mwa ndowa mumatentha kuposa m'chipinda ndi madigiri awiri kapena atatu. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa likuswa mtengo, kunja kumapitirira madigiri 30, ndipo pansi pa malata opanda siling'i kumaposa pamenepo. Ine ndowa yanga yoyamba ndinaifulula mu Okutobala, ndinaiika m'chipinda choyang'ana kumadzulo, ndipo inawira mwaukali n'kutha m'masiku atatu. Ndinakondwera kuti zafulumira, koma mowawo unali ndi fungo lobaya ngati la mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, ndipo botolo limodzi linali lokwana kudzutsa munthu ndi mutu m'mawa. Yisiti akatenthedwa amatulutsa mitundu ina ya ukali yolemera, ndipo kusunga mowa nthawi yaitali sikuichotsa.

Chifukwa chake woyamba kumene ayambe pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene m'nyumba mumazizira mokwanira. Mu Juni ndi Julayi usiku kukazizira kwambiri, fundikani ndowa ndi bulangete kuti yisiti asagone ntchito isanathe. Ngati mukufuna kufulula m'nyengo yotentha, bwerekani nzeru ya mtsuko, umene umaziziritsa madzi chifukwa cha chinyezi chouma kunja kwake. Ikani ndowa m'beseni lalikulu la madzi, pasimenti, m'chipinda chapakati kumene dzuwa silifika, ikulungeni ndi chitenje kapena thawulo lonyowa limene m'munsi mwake mwaviikidwa m'besenimo, ndipo pakhale podutsa kamphepo. Nsaluyo imakoka madzi yokha, ndipo pouma imatsitsa kutentha ndi madigiri angapo. Amene ali ndi firiji aziumitsa mabotolo awiri a madzi, n'kumawaponya m'beseni m'mawa ndi masana. Masiku anayi oyambirira ndiwo ofunika kuwalondera kwambiri, pakuti kukoma kwa mowa kumaumbika pamenepo.

Pakatha maola 12 mpaka 36 mudzaona thovu lokhuthala pamwamba, ndipo airlock idzayamba kulira pang'onopang'ono. Musamatsegule chivindikiro kuti musuzumire kapena kulawitsa alendo monga timachitira pa masese, chifukwa kutsegula kulikonse kumalowetsa mpweya ndi tintchentche ting'onoting'ono timene timanyamula tizilombo tosandutsa mowa viniga. Ngati airlock ili chete koma thovu likuoneka kudzera m'mbali mwa ndowa, ndiye kuti chivindikiro chikupuma penapake, ndipo zimenezo si zoopsa. Thovu likaphwa, patatha masiku asanu kapena asanu ndi awiri, mowa umaoneka ngati watha, koma kuona maso a nkhono n'kudekha: usiyeni ukwanitse masabata awiri, yisiti amalize kuyeretsa zimene anatulutsa poyamba ndi kudikha pansi.

Mboni yodalirika ndi hydrometer yokha. Yezani lero, yezaninso mkuja, ndipo ngati nambala sinasinthe, ili pakati pa 1.006 ndi 1.012, mowa watha. Madzi amene mwayezera musawabwezere m'ndowa. Alaweni, ndipo musadabwe kuti alibe mpweya. Ukali mumaupeza pochotsera nambala yomaliza pa yoyamba ndi kuchulukitsa ndi 131. Mowa woyambira pa 1.040 n'kuthera pa 1.008 wasiyana ndi 0.032, kutanthauza kuti ukali wake uli pafupi ndi 4.2 peresenti, wofanana ndi mowa wamba wa m'mabotolo.

Malita 23 amadzaza mabotolo pafupifupi 45 a theka la lita. Kwa woyamba ndimalimbikitsa mabotolo apulasitiki a zakumwa zampweya monga Coca-Cola ndi Fanta, chifukwa safuna makina otsekera, ndipo mukawafinya mumadziwa mmene mpweya wakhwimira. A madzi akumwa, a sikwashi ndi a mafuta ophikira sanapangidwe kuti apirire mpweya, choncho asiyeni. Amagalasi amafuna zitsekerero zatsopano ndi kachipangizo kokhomera, ndipo botolo lililonse liyang'aneni padzuwa ngati lili ndi mng'alu. Onse atsukidwe m'magawo awiri aja.

Mpweya wa m'botolo umachokera ku shuga wochepa amene mumathira pomaliza, amene yisiti wotsala amamudya botolo lili lotseka. Muyezo wake ndi magalamu 6 pa lita, ndiye kuti pafupifupi magalamu 140 pa ndowa yonse. Yezani pasikelo, musungunule m'kapu imodzi ya madzi owira, muziziritse, muthire m'ndowa yachiwiri yoyera, kenako samutsirani mowa m'menemo ndi payipi imene yafika pansi, mwakachetechete, osakhavula, nsenga za yisiti zitsale m'ndowa yoyamba. Pano mpweya wakunja ndi mdani, pakuti umachititsa mowa kukoma ngati katoni yonyowa. Dzazani mabotolo kuyambira pansi, siyani mpata wa zala ziwiri kukhosi, ndipo tsekani mwamphamvu. Shuga wopyola muyezo, kapena mowa wothiridwa usanathe kuwira, umaphulitsa mabotolo, ndipo magalasi ake amavulaza, choncho asungeni m'katoni yotseka kapena m'kireti yophimbidwa, kutali ndi kumene ana amasewera.

Mabotolowo akhale mumdima kwa masabata awiri, pamalo ofunda pang'ono. Kuwala kwa dzuwa kukagunda hops kumabala fungo longa la kanyimbi, ndipo galasi lobiriwira kapena loyera silitchinga mokwanira ngati lofiirira. Botolo lapulasitiki likalimba ngati la Fanta wosatsegula, mpweya wakwana. Mukhoza kulawa pamenepo, koma pa sabata yachinayi kapena yachisanu ndi chimodzi mowa umakhala utakhazikika, kuwawa kwake kutafewa. Mowawu ndi wa panyumba ndi wa akuluakulu okha. Kuugulitsa kumafuna chiphaso cha ku khonsolo, ndipo kuutcheza ngati kachasu ndi nkhani ina yokhala ndi zoopsa zake.

Musanamwe, liimikeni botolo mufiriji kapena mumtsuko wa madzi ozizira kwa tsiku lathunthu. Pansi pake mudzaona kansenga koyera, kamene ndi yisiti amene wamaliza ntchito. Thirani m'tambula mopendeketsa, kamodzi n'kamodzi osaimitsa, ndipo musiye chala chimodzi cha mowa m'botolo kuti nsengazo zisavunduke. Botololo litsukuluzeni nthawi yomweyo nsenga zisanaume, mulivundikire liume, ndipo m'kope muja lembani mmene mowawo wakomera pafupi ndi kutentha kumene munayeza m'masiku anayi oyamba aja.