Kugulitsa galimoto yakale yaliwiro muli ku Chipata

Galimoto yakale yaliwiro, monga MGB imene inkapangidwa ku Abingdon m'dziko la England kuyambira 1962 mpaka 1980, Datsun 240Z imene inatuluka mu 1969, kapena Mazda MX-5 yoyambirira ya mu 1989, ya nyale zotukuka ija, sigulitsidwa mofanana ndi Corolla yoyendera kuntchito. Wofuna galimoto ya tsiku ndi tsiku amafunsa za kamwedwe ka mafuta ndi malo okhala ana, pamene wofuna galimoto ya mipando iwiri yotsika pansi chonchi amafuna kudziwa kumene inachokera, manja amene inadutsamo, ndi zonse zimene zinachitika pa injini ndi pa bodi lake. Anthu otere ndi ochepa kuno kum'mawa kwa Zambia. Ambiri ali ku Lusaka, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 mu Great East Road, ena ali ku Copperbelt, ndipo ena ali ku Lilongwe kuseri kwa malire a Mwami. Choncho wogula wanu adzayamba kuiona galimotoyo pa foni, ndipo ntchito yanu yaikulu ndi kumupatsa umboni wokwanira kuti alolere kuyenda ulendo wautali kudzaiona ndi maso.

Yambani ndi mapepala musanagwire ngakhale chidebe cha madzi otsukira. Tengani White Book, buku la umwini wa galimoto lochokera ku RTSA, bungwe loona za magalimoto ndi chitetezo cha pa msewu, mupite nayo pa galimoto, muyerekeze nambala ya chassis ndi ya injini zolembedwa m'bukumo ndi zimene zinadindidwa pa chitsulo, chilembo ndi chilembo. Magalimoto ambiri a zaka izi anasinthidwapo injini, ndipo ngati kusinthako sikunalembetsedwe, kakonzeni nkhaniyo ku RTSA tsopano, chifukwa ikadzatulukira pa tsiku losintha umwini wogula adzaganiza kuti mumamubisira. Ngati galimotoyo munachita kuitanitsa kunja, funani mapepala a ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia, osonyeza kuti msonkho unalipidwa. Road tax, fitness ndi inshuwalansi zikhale zosatha masiku, pakuti popanda zimenezi simungaitulutse pa msewu kuti wogula aiyese.

Pali nkhani ina imene imavuta kwambiri m'mabanja athu. Magalimoto ambiri oterewa ndi a masiye: bambo anamwalira, mwana wokonda zitsulo anapitiriza kuisamala kwa zaka zambiri, koma White Book ikadali m'dzina la malemu. Kusamala galimoto sikupatsa munthu mphamvu yoigulitsa. Woyenera kusaina ndi amene anaikidwa mwalamulo kuyang'anira chuma cha masiye, ndipo ndi bwino kuti azibale onse okhudzidwa amve ndi kuvomereza wogula asanabwere, kuopa kuti malume kapena mlongo angadzatulukire ndalama zitalandiridwa kale.

Kenako sonkhanitsani malisiti onse a magaraja, a zipangizo zimene munaitanitsa ku South Africa kapena ku UK, buku la sevisi ngati lilipo, ndi zithunzi zimene munajambula pamene injini inali itamasulidwa. Ziikeni mu fayilo imodzi motsata zaka. Lisiti lothimbirira ndi oyilo losonyeza tsiku limene kilachi inasinthidwa limagwira mtima wa wogula wodziwa kuposa mawu onse otamanda amene mungalembe. Zipangizo zoyambirira zimene munachotsa, monga chiwongolero, wailesi kapena marimu, musazitaye ndipo musazigulitse padera, chifukwa okonda magalimotowa amalipira bwino galimoto imene ingabwezeredwe mmene inatulukira ku fakitale.

Pa nkhani ya bodi ndikupemphani chinthu chimodzi mwamphamvu: musaipente mwatsopano pofuna kuikongoletsa. Penti yowala imene yapopedwa sabata yatha imachititsa wogula kufunsa chimene chabisika pansi pake, ndipo wochenjera amabwera ndi kamaginito kokulunga m'nsalu n'kumakayendetsa m'munsi mwa zitseko ndi mozungulira mawilo; pamene kamaginitoko sikakugwira, amadziwa kuti pamenepo panamatidwa fila, phala lomatira mabowo a bodi. Mdani wamkulu wa magalimotowa ndi dzimbiri. Pa MGB ndi pa MX-5 yomwe, dzimbiri limakonda zitsulo zazitali za pansi pa zitseko, zimene zimalimbitsa bodi lonse, ndiponso limabisala pansi pa makapeti ndi m'buti momwe mumakhala tayala la sipeya. Fumbi lathu lofiira likalowa m'makona amenewa n'kunyowa ndi mvula, limasanduka matope osauma msanga amene amadya chitsulo mwakachetechete. Tsukani kunsi konse, tukulani makapeti, yang'anani ndi tochi, ndipo pamene mwapeza dzimbiri pajambuleni kuti wogula apaone asananyamuke kwawo. Chilema chimene mwaulula nokha chimatsitsa mtengo pang'ono, koma chimene wogula wadzipezera yekha chimathetsa malonda.

Za injini, chitani zofunika zokha. Sinthani oyilo ndi fyuluta, khuthulani petulo amene wakhalitsa mu thanki, ndipo sinthani mafuta a mabuleki ngati papita zaka ziwiri, chifukwa amayamwa chinyezi. MGB ili ndi makabuleta awiri a mtundu wa SU, osakaniza petulo ndi mpweya, amene amafuna makanika wodziwa kuwalinganiza, ndipo si aliyense wozolowera magalimoto a kompyuta amene angathe ntchitoyo, choncho funani mmisiri wachikulire amene anakulira pa injini zoterezi. Injini zakale zambiri zinapangidwira petulo wa mtovu amene sagulitsidwanso, ndiye ngati mipando ya mavalavu (tizitsulo timene mavalavu amakhalapo akatseka) inasinthidwa n'kuikamo yolimba, lembani zimenezo, ndipo ngati mumathira mankhwala mu petulo, nenani. Onaninso zaka za matayala. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata ndipo awiri otsiriza ndi chaka, moti 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya 2019. Tayala la galimoto yokhala m'garaja limaoneka latsopano koma labala wake amauma ndi kung'aluka.

Zithunzi jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, pamalo oyera opanda nkhuku ndi zovala zoyanika kumbuyo, ndipo muonetse mbali zonse, mipando, denga lansalu litatsekedwa ndi litatsegulidwa, injini ndi kunsi. Chofunika koposa ndi kanema wa kuliza injini yozizira. Munthu wina agwire foni, aonetse kuti geji ya kutentha ili pansi, kenako aime kumbuyo pa ekizozi pamene inu mukuliza, kuti wogula amve kulira kwake ndi kuona ngati pakutuluka utsi wabuluu wosonyeza kuti ikudya oyilo. Polengeza pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp a okonda magalimoto akale, lembani chaka, mtundu, kukula kwa injini, makilomita, zimene munasintha ndi zimene zatsala kukonza. Musaike chithunzi cha White Book kapena cha NRC, chitupa chanu cha unzika, pa intaneti, popeza akuba amagwiritsa ntchito zithunzi zotere kugulitsa galimoto imene si yawo.

Mtengo ndi pamene mtima umapweteka. Ndalama zimene munawononga pa zaka zonsezi si mtengo wa galimoto, ndipo kawirikawiri sizibwerera zonse. Onani mitengo ya galimoto yofanana nayo ku South Africa ndi ku UK kuti mudziwe poyambira, koma kumbukirani kuti kumeneko ogula ndi ambiri ndipo zipangizo zili pafupi, pamene wa kuno adzawerengera ndalama zoitanitsira chilichonse. Tchulani mtengo umodzi wa makwacha, musiye mpata wochepa wokambirana, ndipo mudziwiretu mumtima malire amene simungatsike. Kuona maso a nkhono n'kudekha: galimoto yotere ingathe kukhala miyezi ingapo osapeza mwini watsopano, ndipo wogulitsa mothamangira fizi ya sukulu ndi amene amataya chuma chake kwa ma-agent ongofuna kukagulitsanso. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, pamene mvula yatha, misewu yauma, ndipo denga lingatsegulidwe popanda kupsa ndi dzuwa la October.

Wogula akafika, kumanani masana, pakhale ndi munthu wina wa kwanu, ndipo musalize galimoto iye asanabwere kuti aipeze yozizira. Akabwera ndi makanika wake, muloleni ayeze compression (mphamvu ya injini yopanikizira mpweya) ndi kulowa kunsi. Poyesa pa msewu onani kaye laisensi yake, funsani a inshuwalansi ngati amalola munthu wina kuyendetsa, ndipo inu mukhale pa mpando wapambali ulendo wonse. Msewu watala wopita ku Mfuwe kapena wa ku Mwami ndi wokwanira kuti magiya onse alowe ndi injini itenthe bwino. Muuzeni za mahampu a m'tauni asanawafike, chifukwa galimoto yotsika chonchi imakhula ekizozi mosavuta.

Makiyi ndi White Book zisachoke m'manja mwanu mpaka mutaona ndalama mu akaunti yanu ya ku banki, mutafunsa ku bankiko nokha. Uthenga wa pa foni kapena chithunzi chosonyeza kuti ndalama zatumizidwa si umboni. Lembani kalata ya malonda yokhala ndi mayina, manambala a NRC, nambala ya chassis ndi ya injini, mtengo, tsiku, zilema zimene munaulula, ndi siginecha za mboni ziwiri, aliyense atenge kope lake. Pitani limodzi ku polisi kukatsimikizira kuti galimoto si yakuba ndi ku RTSA kukasintha umwini, ndipo musalole mawu akuti adzasintha akafika ku Lusaka, chifukwa ikachita ngozi kapena kupalamula dzina likadali lanu, apolisi adzagogoda pakhomo panu. Ngati wogula ndi wa ku Malawi, mapepala otulutsira galimoto a ZRA ndi msonkho wa MRA, bungwe lotolera misonkho ku Malawi, mugwirizane polemba kuti walipira ndani musanafike pa Mwami. Wa ku Lusaka mulangizeni aikweze pa lole m'malo moiyendetsa, makamaka ngati yakhala ikuyenda maulendo aafupi okha, pakuti zitunda ndi makona a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa zimatenthetsa injini ndi mabuleki, ndipo kumeneko payipi ya madzi ya MGB ikaphulika palibe sitolo yoigulako.