Musanakumbe dzenje loyamba la mtengo wa mphira

Yambani ndi kufunsa za mvula, za mbande zibwere pambuyo. Mtengo wa mphira kwawo ndi kunkhalango za Amazon ku Brazil, ndipo umafuna kutentha, chinyontho ndi mvula yoyandikira mamilimita 2,000 pachaka. N'chifukwa chake kuno kwathu mumaupeza ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, kuja anyamata amagulitsa mipira yokulunga ndi utomoni wake m'mbali mwa msewu wa M5. Ngati munda wanu uli ku Lilongwe kapena ku Kasungu, komwe mvula kawirikawiri siikwana mamilimita 1,000, limbikirani mtedza ndi soya, izi musiyire anzathu a kunyanja.

Kenako pezani wogula. Ine aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti akaonane kaye ndi fakitale, amve ngati idzalandira katundu wake, mumtundu wanji komanso pamtengo wowerengedwa bwanji. Chimanga chikasowa msika mumapita nacho kuchigayo, koma utomoni ukasowa wogula umangonunkha pakhomo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya chuma cha dziko. Ku Liberia kampani ya matayala ya Firestone inabwereka malo odzalapo mphira mu 1926 kwa zaka 99. Esiteti yotere imalemba anthu ntchito n'kubweretsa ndalama zakunja, sindikukana. Koma taonani Thailand, yomwe imaposa maiko onse pa mphira: mitengo yambiri kumeneko ndi ya alimi wamba a mahekitala ochepa. Ku Côte d'Ivoire, yomwe ikutsogolera mu Africa, alimi ambiri a koko anatembenukira ku mphira chifukwa ndalama yake imabwera mwezi ndi mwezi, osati kamodzi pachaka ngati mmene ife timadikirira fodya. Kwa ine, phindu lenileni limakhalapo mitengo ikakhala ya mlimi, fakitale n'kumangogula.

Mbande musatole pansi pa mitengo. Njere zake sizichedwa kufa, ndipo zomwe zamera zimabereka mosiyanasiyana: wina umachucha bwino, oyandikana nawo kungodontha. Funani mbande zomezanitsa kunazale yodalirika, za mitundu yodziwika monga RRIM 600 kapena GT 1. Dothi likhale lakuya, losasunga madzi. Musanadzale zulani zitsa zonse ndi mizu yake, chifukwa ndi momwe mumabisala matenda oola mizu. Mizere italikirane mamita 7, mtengo ndi mtengo mamita 3, zomwe zimakupatsani mitengo pafupifupi 470 pahekitala. Dzalani mvula ikakhazikika, mudzenje la masentimita 60 mbali zonse, lothira manyowa.

Tsopano kudikira. Zaka 6 kapena 7 zidzatha musanaone ngakhale tambala, ndipo ambiri amagwa ulesi apa. Zaka zitatu zoyamba, mthunzi usanatseke, dzalani mtedza, nyemba, chimanga, nthochi kapena nanazi pakati pa mizere, motalikira mita imodzi ndi theka kuchokera pamtengo. Ndikudziwa kuti kwa munthu wa ku Chintheche munda wopanda chinangwa si munda, kondowole achokera kuti? Komabe chinangwa chikhale ndi malo akeake, chifukwa chimatha kusunga matenda a mizu aja. Lambulani njira yotchinga moto chilimwe chilichonse, ndipo dulani nthambi zam'munsi mpaka mamita awiri ndi theka kuti thunthu likhale losalala.

Mtengo wakhwima pamene thunthu lake, mukalizunguliza chingwe pamsinkhu wa chifuwa chanu, lakwana masentimita 50. Musayambe chifukwa choti zaka zakwana kapena fizi yavuta. Mtengo wochekedwa usanakule umapinimbira mpaka kalekale.

Kucheka ndiye luso lonse, ndipo ndikupemphani muyambe mwaphunzira pachipika chodula musanakhudze mtengo wamoyo. Mukaima moyang'ana mtengo, mzere uyambire kumtunda kumanzere kutsikira kumanja, mopendekeka madigiri 30, n'kuzungulira theka la thunthu basi. Mbali imeneyi siinasankhidwe mwamwayi: timitsempha ta utomoni timakwera mopendekera kumanja, choncho mpeni wotsika chonchi umadula tambiri. Kumapeto kwa mzere khomani kangalande kachitsulo, pansi pake kapu.

Tsiku lililonse lokama utomoni mumangosenda kakhungwa kopyapyala, mamilimita osaposa awiri. Kuya kwake ndiye povuta. Utomoni wambiri uli mkati, pafupi ndi mtengo weniweni, koma pakatipo pali kakhungu kanthete komwe kamameretsa khungwa latsopano. Mpeni uime pafupifupi milimita imodzi usanakafike. Mukapitirira, pamatuluka zotupa, ndipo mukadzabwerera pamalopo patapita zaka simudzachekaponso bwino. Mukalekeza patali, kapu siidzaza. Wokama wabwino amamva ndi dzanja, ndipo ndikafuna kudziwa ntchito ya munthu ndimayang'ana khungwa lomwe anadutsapo chaka chatha, osati ndowa yake ya lero. Njira yosenda pang'onopang'onoyi anaikhazikitsa katswiri wa zomera Henry Ridley ku Singapore. Asanatero anthu ankangotema mitengo mpaka kuipha.

Lawirirani kusanache, kukadali kozizira, chifukwa dzuwa likakwera utomoni umachita ulesi. Umachucha maola awiri kapena atatu, kenako mumatolera. Mtengo umodzi ukamidwe kamodzi pamasiku awiri kapena atatu. Thunthu likanyowa ndi mvula, lisiyeni: utomoni umamwazika ndipo bala limagwira nkhungu. Nyengo yomwe mitengo yayoyola masamba n'kuyamba kuphukira, ipumitseni. Wokama tsiku ndi tsiku pofuna ndalama yachangu amaumitsa khungwa, mtengo n'kuleka kutulutsa.

Zogulitsa zili pawiri. Mutha kusiya utomoni uundane m'kapu n'kugulitsa zibuma, kapena kuusefa, kuthira asidi wa formic, kuupsinja pamakina kukhala mapepala n'kuumitsa ndi utsi. Mapepala amagulidwa bwino koma amafuna zipangizo, ndiye ndi bwino kuchita pakalabu. Dziwani kuti wogula amalipira mphira youma yokha, yomwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utomoni wamadzi. Mchenga ndi makungwa m'zibuma zimagwetsa giredi.

Mtengo wogulitsira mphira pamsika sapangira kuno. Gawo lalikulu la mphira limapita kumatayala, choncho umatsata malonda a magalimoto, makamaka ku China. Mu 2011 unapitirira madola 6 pakilogalamu, koma pofika 2015 unali pansi pa madola awiri. Musapereke munda wonse. Wa chakudya ukhalepo. Mitengo ikatha zaka 25 mpaka 30 ikukamidwa, utomoni umachepa, ndipo pamenepo mumaigulitsa kwa ocheka matabwa a mipando. Ndalama imeneyo muisungire mbande zatsopano, ndipo dulani chigawo chimodzi panthawi kuti zina zipitirize kulipira.