Momwe mungafufuzire chiyambi cha mawu a Chingerezi akuti inflammable

Choyamba, gawani mawuwo m'zigawo zitatu: in- wa kumayambiriro, tsinde lakuti flamm, ndi -able wa kumapeto. Tsindelo si lovuta, chifukwa likuchokera ku mawu a Chilatini akuti flamma, kutanthauza lawi la moto.

Kenako pezani mtanthauziramawu amene amalemba chiyambi cha mawu. Timabuku totchipa togulitsidwa m'mbali mwa msewu timangopereka tanthauzo basi, ndipo ena mwa iwo ndi ongokopedwa pa makina, masamba ena kulibe. Oxford English Dictionary ndiye wodalirika koposa, koma pa intaneti amafuna kuti mulipire kaye, choncho ambiri timayambira pa Online Etymology Dictionary, yomwe ndi yaulere.

Gawo lofunika kufatsa ndi la in- uja, ndipo apa ndi pamene ine ndinachedwa kwambiri. Chilatini chinali ndi ma in- awiri olembedwa mofanana koma ochokera kosiyana. Woyamba amakana, monga mu inactive ndi invisible, ndipo amasintha kukhala im-, il- kapena ir- malinga ndi lemba lotsatira, n'chifukwa chake timaona impossible, illegal ndi irregular. Wachiwiri sakana konse ayi, amatanthauza kulowetsa m'kati, monga mu inject. Njira yosiyanitsira ndi kufunafuna mneni amene mawuwo anachokerako, osati kungoyang'ana maonekedwe. Mukatero mudzapeza inflammare, kutanthauza kuyatsa moto, mneni yemwenso anabala inflame ndi inflammation, kutupa kotentha kumene madokotala amanena kuja. Choncho chinthu cholembedwa inflammable chimayaka msanga, ngakhale kuti wowerenga mofulumira angaganize kuti sichiyaka.

Mukatha apo, yang'anani zaka. Inflammable analowa m'Chingerezi cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, pamene flammable anaonekera mu 1813 koma sankagwiritsidwa ntchito kwenikweni mpaka m'zaka za m'ma 1900, pomwe oona za ngozi za moto anayamba kumulimbikitsa poopa kuti anthu angapse chifukwa chosamvetsa in- uja. Lero matanki ambiri a petulo amalembedwa flammable, ndipo chosayaka chimatchedwa non-flammable.

Zotsalazo n'zachidule: yerekezani zimene mwapeza ndi mtanthauziramawu wina, ndipo nthano za chiyambi cha mawu zimene zimayenda pa WhatsApp musazitengere pokhapokha mutazipezanso m'buku.