Mphindi imodzi pa WhatsApp: mmene ana anga amadziphunzitsira kulankhula Chingerezi

Ndimaphunzitsa Chingerezi kusekondale yoyendera. Ana anga a Fomu 3 kulemba amayesetsa ndithu, poti akudziwa kuti ukalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi palibe, koma ukati alankhule, pakamwa pamauma. Ndiye ndinayamba kuwapatsa ntchito ya pafoni.

Aphunzitsi anzanga, agaweni anawo m'magulu a asanu, gulu lililonse likhale ndi gulupu yake pa WhatsApp. Ambiri foni amabwereka ya makolo madzulo, choncho kambiranani kaye ndi makolowo, asaganize kuti mwana akungocheza.

Lolemba aliyense ajambule mawu ake kwa mphindi imodzi basi, akufotokoza chimene wasankha yekha: mtengo wa chimanga kumsika, mpira wa dzulo, kaphikidwe ka thobwa. Mutu musawasankhire ayi, apa m'pamene pagona nkhani. Asanatumize adzimvetsere kawiri, alembe m'kope zolakwika ziwiri zimene wazigwira yekha, kenako ajambulenso. Lachitatu anzake amuyankhe, aliyense ndi funso limodzi.

Ine ndimalowamo Lachisanu lokha, ndipo ndimakonza chinthu chimodzi pa mwana aliyense. Kawirikawiri ndi "he" ndi "she", zomwe amasokoneza poti ife timangoti "iye", kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Poyamba ndinkakonza chilichonse, ana anangoti zii, masabata awiri osatumiza kanthu.

Makanema apeweni, amadya bandulo. Amene kwawo netiweki imavuta ajambulebe ndi rekoda ya m'foni, adzatumizirane pa Bluetooth akakumana.